Mbuzi za Malita Awiri

Za ubwana wanga ndazidumpha dala, ana anga, chifukwa munazimva mpaka kutopa nazo. Mutu uno ndi wa ntchito. Ndinataipa makalata ndi mayeso kwa zaka zambiri, ndipo pa zaka zonsezo kulakwitsa kwenikweni ndinalakwitsa kamodzi. Ndikufuna mumve kwa ine mwiniwake, osati kwa anthu a pamsika amene mpaka lero amaithira mchere nkhaniyi.

1994, pa boma

Ntchito ndinayamba chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Ana anakhamukira m'makalasi, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo ofesi yoyang'anira sukulu za mpingo wathu pa Mwanza inachepekedwa manja. Bambo anu anali atangotisiya. Ine ndinali ndi pepala la zotaipa lochokera ku Limbe, ana atatu, ndi pakamwa posachedwa kuyankha. Anandipatsa tebulo pafupi ndi a Kalonga, mkulu wa imvi amene anayamba kutaipa ine ndisanabadwe. Tsiku loyamba lomwelo anandipatsa mayeso a masamu kuti nditaipe pa stensulo, pepala la phula lija tinkadindira mapepala ambirimbiri. Ndinafunafuna pa makinawo, kenako ndinati, "Bambo, mwandipatsa makina othyoka. Wani ali kuti?"

A Kalonga anaseka mpaka kutsokomola. "A Nachisale, makina amenewo sanathyoke, anabadwa choncho. Alibe wani. Menyani chilembo cha elo wamng'ono, ana awerenga wani."

"Elo akakhala wani, nanga malita tilemba ndi chiyani?"

"Malita tilemba mawu onse, osafupikitsa. Koma muli ndi mafunso inu! Mukhalitsa pano."

Anandiphunzitsa zambiri mkulu ameneyu, mzimu wawo uuse mumtendere. Chizindikiro chogawira chinalibe batani lake: unkamenya madontho awiri, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuika kamzere pakati. Chochulukitsira chinali ekisi wamng'ono, ndiye ekisi weniweni wa masamu, uja woimira nambala yosadziwika, tinkachita kumujambula pa stensulo ndi kachitsulo kosongoka kuti mwana asawasokoneze. Dzina la dziko lathu lili ndi w wa chipewa, ndipo chipewacho tinkachivekanso ndi dzanja. Zipangizo zinkasowa kawirikawiri. Riboni ikatha tinkaitembenuza mpaka zilembo kuyamba kutuwa, ndipo mankhwala ofufutira pa stensulo akasowa ndinkabweretsa utoto wanga wa zikhadabo. A Kalonga ankanunkhiza stensuloyo n'kunena kuti mayeso a chaka chino akupita ku ukwati. Koma pa nambala sankaseka. "Mwana wa ku Kanduku m'chipinda cha mayeso alibe womufunsa," ankatero. "Chimene mwamenya inu pano ndicho akaone iye." Elo uja analowa m'chala changa moti ndinasiya kukumbukira kuti ndi elo. Ndikaona wani papepala, chala chinkapita chokha.

Patapita zaka zisanu

A Kalonga anapuma ntchito, ndipo chaka chomwecho ofesi inalandira zinthu ziwiri: kompyuta ndi bwana watsopano, a Likoswe. Kunabwera mayi wina wa ku Blantyre kudzandiphunzitsa kompyutayo masiku atatu. Tsiku lachitatu anandionetsa kamndandanda ka mitundu ya zilembo, kamene ankati mafonti. Abale inu! Ine amene ndinakhala zaka zonsezo ndi zilembo za mtundu umodzi, ndinangoti kukamwa yasa. Maina ake a Chingerezi sanandilowe m'mutu, ndiye ndinazipatsa anga. Zina zili ndi timapazi pansi, ngati za m'mabuku a sukulu, ndinkati zovala nsapato. Zina n'zosalala, ndinkati zopanda nsapato. Panalinso zopotanapotana ngati za pa khadi la ukwati, ndinkangoti za ukwati.

Magetsi akakhalapo ndinkayesa izi ndi izo, mpaka ndinapeza kalembedwe kanga ka mayeso a masamu. Mawu a funso ndinkawaika m'zilembo zovala nsapato, chifukwa diso la mwana linazizolowera m'mabuku. Ndinkazikulitsa pang'ono, popeza fotokope imadya timizere tating'ono ndipo makalasi athu ambiri anali a mdima. Nambala zinkaima chilili, ekisi wosadziwika uja ndinkamupendeketsa, ndipo chochulukitsira chenicheni ndinachipeza m'kabokosi ka zizindikiro, pamodzi ndi chogawira. Tsiku limene ndinapezamo w wa chipewa ndinaimba nthungululu ndili ndekha mu ofesi. Ndinkanyada, ndisaname. Ahedi ankati mapepala a ku ofesi kwathu akufanana ndi osindikizidwa ku tauni. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chala changa sichinapite nawo ku maphunziro a masiku atatu aja. Kompyuta inali ndi wani wake pamwamba kumanzere, koma ine ndinkamenyabe elo. Palibe anaona, chifukwa m'zilembo zovala nsapato wani ndi elo amafanana ngati mapasa.

A Likoswe anali bwana wabwino. Ndi amene anandimenyera nkhondo kuti ndipatsidwe nyumba ya ofesi, ya magetsi, imene inu munkawerengeramo. Vuto lawo linali limodzi, ankakonda zokongola. Kalata yoitanira anthu ku msonkhano ankafuna ikhale ndi maluwa m'mbali. Tinkakangana, ine n'kumayankha mwa chizolowezi changa, iwo n'kumati, "A Nachisale, pakamwa panu pakanakhala makina, bwenzi tikudinda mapepala a dziko lonse."

Chaka chotsatira, nyengo ya moko

Chaka chilichonse ana a sitandade eyiti a m'sukulu zathu ankalemba mayeso oyeserera, aja aliyense amangoti moko. Chaka chimenecho pepala la masamu anapatsidwa kuti alikonze anali a Mangani, mphunzitsi wogwirizira wa ku Thambani. Anayamba kuphunzitsa chaka chimene ine ndinayamba kutaipa, opanda pepala la uphunzitsi, ndipo anadikira zaka zonsezo kuti apite ku koleji. Chaka chimenecho dzina lawo linali litalowa pa mndandanda wa opita. Kukonza pepala la moko kunali ngati kuwayesa komaliza.

Anabwera pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze, mafunso atawakulunga mu pulasitiki. Nditangoyang'ana ndinaseka. Wani wawo anali ndi kamzere kakatali kutsogolo, kotsika mpaka pansi.

"Aphunzitsi, wani wanuyu wanyamula ndodo. Akupita kuti?"

"Ndi wa kutsidya ameneyo, mayi," anatero akusekanso. "Amayi anga ndi a ku Zobue, ku Mozambique, sukulu ndinayambira kumeneko. Dzanja linakana kusintha. Muwerenga koma?"

"Ndiwerenga. Ndawerengapo zolemba za ahedi zoipa kuposa izi."

Ndinawerengadi bwinobwino, wani aliyense ndinamuzindikira. Ndinataipa, ndinatulutsa pepala, iwo anakhala pa benchi n'kuliwerenga funso ndi funso, n'kusaina. Potsanzika anati obrigado, zikomo wa Chipwitikizi, n'kukwera njinga yawo.

M'mawa wa tsiku lopita ndi mapepala ku fotokope ku Blantyre, a Likoswe anaima kumbuyo kwanga. "Chaka chino anthu aone kuti ofesi ino ili ndi kompyuta. Mapepala onse muwaike m'zilembo zija zopotana."

"Bwana, awa ndi mayeso, si ukwati."

"Ana nawonso amakonda zokongola."

"Zilembo zimenezo zilibe w wa chipewa. Dzina la dziko pamwambapa lituluka ndi kabokosi."

"Chotsani chipewacho, dzuwa silimuotcha. Fulumirani, minibasi sidikira."

Ndinapsa mtima. Kalembedwe kanga kaja, kamene ndinakavutikira miyezi, munthu angokafafaniza ndi mawu awiri? Ndinasankha zonse, ndinasintha fonti, ndinatulutsa mapepala n'kuwaponya mu envelopu osawayang'ana n'komwe. Ndinachita dala kusayang'ana, kuti aone kuti ndakwiya. A Likoswe anatenga envelopu n'kuthamangira minibasi, ndipo mapepala anabwerako atamatidwa kale m'mapaketi a sukulu iliyonse.

Tsiku la masamu, nthawi isanakwane teni koloko, njinga zinayamba kuima panja pa ofesi. Woyamba kulowa anali ahedi a sukulu yathu ina ya kwa Kanduku, bambo wa mawu aakulu. Anaponya pepala patebulo panga.

"Mayi, kwathu mbuzi timawerenga mitu. Izi zoyeza mbuzi m'malita zayamba liti?"

Ndinayang'ana. Funso linali la mlimi wa mbuzi 21. M'zilembo za ukwati elo amapotana pamwamba, ndendende mmene aphunzitsi amalembera chizindikiro cha malita pa bolodi. Papepalapo mlimi uja anali ndi mbuzi za malita awiri. Msewu wa makilomita 41 unali ndi malita anayi kutsogolo kwa makilomita. Paliponse pamene panayenera kukhala wani panali kachingwe kopotana. Ana ena analira, ena anangolemba maina awo n'kukhala, ndipo sukulu zina zinaimitsa mayeso. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti chachita zimenezi ndi chala changa.

Sabata yomweyo

Lachisanu a Likoswe anandiitana n'kutseka chitseko. "Lolemba kuli msonkhano wa ahedi onse ndi akuluakulu a mpingo. Ahedi agwirizana kale chimodzi. Akuti mphunzitsi analemba wani wa Chipwitikizi, inu munamuwerenga ngati elo, iye powerenganso sanaone. Wolakwa ndi wolemba. Inu musakalankhule zambiri."

"Nanga dzina lawo la ku koleji?"

"Alichotsa. Akuti munthu wosadziwa kulemba wani akaphunzira chiyani. Mwayi udzabweranso, akadali wamng'ono."

"Wamng'ono wa ana anayi?"

"Inunso muli ndi atatu, a Nachisale, ndi nyumba ya ofesi." Sananene moopseza ayi. Ananena akuyang'ana pansi, chifukwa nawonso anali ndi mantha.

Apa pali mawu amene ndikuchita nawo manyazi kuwalemba, koma ndiwalemba. Ine wa pakamwa posachedwa uja ndinangoti, "Chabwino, bwana."

Loweruka m'mawa ndinapita ku ofesi ndekha. Ndinayatsa kompyuta, ndinamenya wani weniweni, pambali pake elo, n'kuyamba kusintha mafonti limodzilimodzi. M'zovala nsapato anali mapasa. M'zopanda nsapato elo anasanduka kamtengo. M'za ukwati anapotana. Kenako ndinatsegula mapepala akale, makalata, mindandanda, mayeso a chaka chatha, n'kumawasintha fonti. Monsemo munali elo. Zolemba za abusa, za ahedi, za bwana, za anthu amene sanapondeko kutsidya. Ndinazimitsa kompyuta. Ndinaganiza za inu, za babu la magetsi pamwamba pa tebulo lanu lowerengera, ndipo ndinatuluka nditatsimikiza kuti ndikhala chete.

Lolemba ndinapeza a Mangani ataima pakhonde la ofesi, atavala jekete ndi tayi, njinga atayedzamiritsa pa mtengo. Ndinafuna kudutsa mofulumira koma anandiimitsa. Anavula chipewa.

"Mayi, ndimati ndikuoneni tisanalowe. Pepani kwambiri. Munandichenjeza za wani wanga, ine ndinangoseka. Ndakuchititsani manyazi pa ntchito yanu yabwino. M'katimu ndikanena kuti inu mulibe mlandu."

Ha! Munthu ndamuphera tsogolo, iye n'kumandipepesa? Akanandilalatira bwenzi ndikuyankha, kuyankha ndimatha. Koma izi zinandithyola. Ndinangowadutsa n'kulowa m'kati.

Msonkhano unayamba ndi pemphero, abusa ali pampando. Ahedi a kwa Kanduku aja analankhula nthawi yaitali za ana amene analira, ndipo zinali zoona. Kenako anatembenukira kwa a Mangani. "Kuno ndi ku Malawi. Wani wa ndodo akalembereni kwanu." Ena anaseka. A Mangani anaimirira kuti avomere, koma ine ndinaimirira msanga kuposa iwo.

"Abusa, ndikupempha msonkhano uno usamukire ku chipinda changa kwa mphindi zisanu."

"Mayi, simunapatsidwe mpata."

"Ndikudziwa, abusa. Mudzandidzudzula pambuyo."

Anadzazana m'kachipinda kanga, ena akusuzumira pa windo. Ndinafunsa ahedi a kwa Kanduku kuti pepala la masamu la chaka chatha anakonza ndani. Anadziguguda pachifuwa kuti ndi iwo, ndipo munalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ndinawafunsa ngati wani wawo ali ndi ndodo. Anati ayi ndithu, wawo ndi wowongoka. Ndinatsegula pepala lawolo pa kompyuta. "Penyetsetsani," ndinatero. Ndinasankha zonse n'kuziika m'zilembo za ukwati. Malita anamera pepala lonse. Matumba a chimanga m'malita, zaka za agogo m'malita.

"Wani wa a Mangani ndinamuwerenga bwinobwino," ndinatero. "Koma ine wani sindimumenya. Ndimamenya elo, chifukwa makina amene ndinaphunzirira ntchito pano analibe wani. Ndakhala ndikutero m'mapepala a nonsenu. Zilembo zakale zinkandibisa, zatsopanozi zandiulula. Ndipo nditasintha sindinawerengenso, chifukwa ndinali nditakwiya. Aphunzitsiwa anasaina pepala labwino, nali." Ndinalitulutsa m'kabati n'kulipereka kwa abusa.

Abusa analiyang'ana, n'kuyang'ana la mbuzi lija. "Anasintha zilembo pepala litasainidwa kale ndani?"

"Dzanja langa, abusa."

"Anakutumani ndani?"

Zanga ndinali nditanena, za wina sindinafune kunena. Kunamveka kukhosomola kumbuyo, ndipo a Likoswe anati, "Ndine. Mayiwa anakana, ine ndinawakakamiza." Mpaka lero ndimawathokoza bambo amenewa. Akanatha kungoyang'ana kudenga, palibe akanawagwira.

Akuluakulu anakhala paokha masana onse. Ana analembanso masamu sabata yotsatira. A Likoswe analandira kalata ya chenjezo. Dzina la a Mangani linatsala pa mndandanda. Ine anati ndisamukire ku kaofesi kathu ka ku Thambani, kopanda magetsi, kwa makina akale, ndipo nyumba ya pa boma ndiisiye mwezi ukamatha. Kalata yondisamutsayo ndinaitaipa ndekha, chifukwa panalibe wina wodziwa kompyuta, ndipo pa deti ndinamenya wani weniweni, ndikuchita kumuyang'ana. Ndinalira, sindibisa. Koma kuchokera pamenepo mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito, kompyuta itafikanso kumene ndinali, sindinasankhepo fonti ya mayeso ndisanamenye mzere umodzi woyesera: wani, elo ndi I wamkulu, ziro ndi o, ekisi ndi chochulukitsira. Ndinkautulutsa papepala, kuupititsa pa fotokope, n'kuuika patali ndi maso. Awiri akafanana, fontiyo ndinkaisiya, ngakhale ikongole bwanji. Onse amene ndinawaphunzitsa ntchito amaudziwa mzere umenewu.

Kumapeto kwa mwezi umenewo

Tinakwera pikiapu ya matola, inu atatu pamwamba pa matiresi, ine nditakumbatira dengu la mbale. Ndinkadziwa kuti mwandikwiyira, ndipo sindinakudzudzuleni. Kumene tikupitako ndinalibe m'bale, ndipo nyumba anangondiuza kuti ndikafunefune ndikafika.

Galimoto inatitsitsa pa msika wa Thambani dzuwa lili paliwombo. Katundu anaunjikidwa pansi, pikiapu inapita, anthu n'kumatiyang'ana. Ndikuganiza koyambira, kunabwera mayi wina wamfupi, mwana kumbuyo, nkhata ili m'manja. Ananjuta pang'ono.

"Ndinu mayi a zilembo?"

"Ndine. Inu ndani?"

"Ndine wa kunyumba kwa a Mangani. Iwo anapita Lamlungu ku koleji. Galimoto iliyonse yochokera ku boma ndakhala ndikuichingamira kuyambira Lachiwiri. Nyumba ya achimwene awo ili pululu, ndaizira kale, madzi ndatunga."

Ndinayamba kunena kuti asavutike, kuti ine ndi amene ndinalakwa, kuti palibe choti andithokozere. Anandidula.

"Anandiuza kuti mutero. Anati ndisakuuzeni zikomo, chifukwa mukwiya. Anati ndingokunyamulirani katundu."

Anaika nkhata pamutu, anawerama, ndipo ine ndinamusenzetsa dengu la mbale lija. Misozi inali itanditseka maso moti njira sindinkaiona, ndinangotsatira kumbuyo kwake.